Ukwati wa Amayi Unalibe Pepala

Chaka chimene tinamanga chiliza cha bambo anga, ntchito yolemba mbiri yawo inagwera ine. Anandisankha ndi abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Limbe. Pa maliro anthu anakangana za zaka za bambo, wina akuti izi wina izo, mpaka wowerenga mbiri anachita kuima pakati. Abambo aang'ono sanafune manyazi amenewo kachiwiri.

"Iwe ndiwe wa sukulu," anatero akundipatsira jumbo ya mapepala. "Chilichonse ulembe chikhale ndi pepala lake. Za m'maluwa ayi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ine munthu wamkulu akandituma ndimaopa kufunsa kawiri.

Bambo anali kapitawo wa othyola tiyi. Asanapeze ntchito ya pa esiteti anali mkamwini kwathu ku Nsabwe, kumene anakwatira amayi anga mwa chinkhoswe, ine n'kubadwa. Atapatsidwa nyumba kumalayini a antchito, amayi anakana kusiya munda wa makolo awo, ndipo banja linazilala pang'onopang'ono mpaka ankhoswe anakhala pansi n'kulimasula. Kenako bambo anayamba kusunga Sabata, anamanga ukwati wina ku mishoni, ndipo nditafika sitandade faifi ananditenga kuti ndiziphunzira pafupi ndi iwo. Amayi ondipeza sanandizunzepo. Ankandichapira yunifolomu pamodzi ndi za ana awo atatu, ndipo ndinkawaitana kuti amayi popanda wondikakamiza.

Mapepala aja ndinawayala pamphasa pakhonde pa amayi ondipeza, n'kuwatsindira ndi timiyala chifukwa kunali chiperoni. Poyamba ntchitoyo inandikoma. Ndinapeza chimene chinasokoneza anthu pa maliro: khadi la ubatizo linali ndi chaka chimene bambo anabatizidwa ali ndi ndevu kale, koma ena ankachiyesa chaka chobadwa. Chaka cha pa chitupa cha unzika chinali chongoyerekeza, chifukwa chinkawasandutsa aang'ono kwa mng'ono wawo weniweni. Kalata ya ku chipatala inanena tsiku limene anamwalira, ndipo tsiku limenelo ndinkalidziwa ngakhale popanda kalata.

Pansi pa zonse panali setifiketi ya ukwati wa ku mishoni, yokutidwa ndi pulasitiki. M'kabokosi kena mlembi analemba m'Chingerezi kuti mkwati anali asanakwatirepo. Ndinamvetsa chimene ankatanthauza. Kwa iye ukwati ndi umene unalowa m'buku mwake, ndipo mwina sanafunse n'komwe. Koma tsiku limene ankalemba mawu amenewo, ine ndinali ndikuthamangitsa kale anapiye pabwalo ku Nsabwe.

Loweruka dzuwa litapendeka abambo aang'ono anabwera kudzaona pamene ndafika. Ndinawafunsa ndikuyang'ana pansi.

"Nanga amayi a ku Nsabwe ndiwalembe pati?"

"Pepala lawo lili kuti?"

"Palibe. Unali wa chinkhoswe."

"Ndiye ukufuna abusa amve kuti mkulu wa mpingo ananama pa tsiku la ukwati wake? Iwe ulimo, ana anayi, woyamba ndiwe. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe, bambo."

Amayi ondipeza ankasankha nyemba m'lichero pafupi ndi khomo, ndipo anamva zonse. Abambo aang'ono atachoka anandiitana, osakweza mutu.

"Ukawalemba amayi ako ine sindingakwiye, mwananga. Ndinawapeza."

Ndinathokoza. Kenako ndinalemba mbiri yonse moyera, mizere yowongoka, ndipo za ku Nsabwe sindinaikemo. Ndinkadziuza kuti ndidzasiya mpata woti ndiwonjezere, koma mpatawo sindinausiye.

Amayi ondibereka anafika dzulo lake la mwambo, atasenza mkoko wa nthochi, ali ndi amalume anga amene anali nkhoswe wa ukwati wa ku Nsabwe uja. Anangomwa madzi n'kupita kukathandiza azimayi anzawo kutunga pa mpope. Amalume anakhala pa benchi ndi azibambo ena, n'kundikodola.

"Akalaliki athu, tatiwerengerani timve ngati mlamu wanga mwamulemba bwino."

Ndinawerenga mofulumira, mawu akutuluka ngati ndameza ufa. Nditamaliza amalume anakanda m'mutu.

"Mwadumpha mzere, akalaliki."

"Akuti tilembe zokhala ndi mapepala zokha, amalume."

"Mapepala? Setifiketi yake ndine amene. Nkhuku ya chinkhoswe ndinadya ndine, chiwindi ndi nthutumba zomwe. Mukufuna ndisanze muone?"

Azibambo aja anaseka mpaka wina anatsamwa ndi tiyi. Inenso ndinaseka pang'ono, chifukwa sindinadziwe chochita ndi nkhope yanga. Amalume anandigwira dzanja n'kutsitsa mawu.

"Mawa ukafika pamenepo ungonena ndi pakamwa. Adzakumanga ndani? Mlongo wanga anakhala ndi bambo akowa nthawi imene analibe ngakhale nsapato."

Ndinati ndiona.

Manda a pa esiteti ali kumapeto kwa munda wa tiyi, pansi pa mabulugama. Anthu anadzaza mpaka ena anaima m'mizere ya tiyi, akuoneka kuyambira m'chiuno. Kwaya inaimba, abusa anapemphera, kenako anatchula dzina langa. Abambo aang'ono anaima pambali panga atandigwirira chimkuzamawu pakamwa, ndipo ndinkamva fungo la sopo wa malaya awo.

Za kubadwa ndinawerenga bwinobwino, za ubatizo, za ntchito. Nditafika pa za banja ndinaima. Amayi anali pakati pa azimayi, atatambalala pa udzu, mpango wawo utapendekera uku chifukwa chosenza ndowa m'mawa wonse. Sankandiyang'ana ngati munthu wodikira kanthu. Ankandiyang'ana monga ankachitira pa tsiku lotsekera sukulu, akamamva kuti ndakhoza. Mawu ndinali nawo, ochepa chabe, ndipo ndinali nditawayeseza pobwera m'njira. Abambo aang'ono anasendeza chimkuzamawu chija pafupi, poganiza kuti mawu andithera.

"Malemu anamanga ukwati woyera ku mishoni," ndinawerenga, "ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi."

Anthu anati ameni. Kumbuyo amalume anatsokomola mokweza, kawiri konse. Ine ndinapitiriza mpaka pa mzere womaliza osaphonya liwu.

Nsalu itachotsedwa pa chiliza, abambo aang'ono anandisisita paphewa pamaso pa abusa, n'kunena kuti ulendo uno palibe amene watsutsa. Ndinakawapeza amayi kuseri kwa nyumba akutsuka mapoto.

"Wawerenga bwino," anatero. "Mawu ako amamveka mpaka kumbuyo."

Ndinadikira kuti anene zina. Anandipempha kuti ndiwasendezere phulusa. Anabwerera ku Nsabwe masana omwewo, akuti mbuzi anazisiya ndi ana a eni.

Nthawi yogalauza itafika ndinapita kwathu osaitanidwa. Ndinatenga khasu m'khitchini n'kulowa m'munda wawo wa kutsetse, umene umawapweteka msana chaka chilichonse. Sanandiletse, sanandifunse. Ankabwera ndi thobwa m'chigubu, kuliika pa chitsa, n'kumatola zinyalala cha uko. Tsiku lililonse ndinkakonza mawu oti ndiyambire nkhani ija, koma ndikawayang'ana ndinkangofunsa za mbewu.

M'mawa wina mayi wa munda woyandikana nawo anadutsa ndi mtolo wa nkhuni. Amandidziwa kuyambira ndili kumsana. Anaima, n'kufunsa mwachipongwe monga amachitira akuluakulu.

"Anzanga, mwapeza kuti waganyu wamphamvu chonchi? Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Amayi anaweramuka, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ndi mwana wa akapitawo a ku esiteti," anayankha. "Amayi ake ali konko."

Mayi uja anaseka n'kuomba m'manja, amayi nawonso anaseka. Ine ndinaweramira pa mzere umene ndinali nditauyamba, n'kupitiriza kuunda dothi.