Tsiku limene bambo anadzandira pamsonkhano

Lero pa buleki, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Finglas, kuno kunja kwa dziko lathu, nesi wina wa ku Philippines anatulutsa chokupizira mphepo chokhala ndi nkhope ya mwamuna womwetulira. Anati munthuyo anali katswiri wa mafilimu kwawo, kenako analowa ndale.

"Amayi anga anamuvotera chifukwa cha mafilimu basi," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinakumbukira bambo anga.

Bambo ankachita zisudzo, ndipo ankatchuka posewera ngati chidakwa, ngakhale mowa sankaulawa n'komwe. Mayi atamwalira pangolo tikupita nawo kuchipatala chakutali, bambo anaimira ukhansala. Ankafuna chipatala m'dera lathu.

Tsiku la msonkhano ndinakhala kutsogolo, pafumbi, pabwalo la sukulu. Dzuwa linkaswa mtengo, ndipo jekete ya bambo inkanunkha mankhwala a njenjete. Anayamba kufotokoza za ngolo ija.

"Zachipatalazo pambuyo, achimwene," anakuwa munthu wina kumbuyo. "Yambani mwatiledzerera kaye."

Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Bambo anayesa kupitiriza, koma mawu awo anamira m'phokoso. Ena anayamba kunyamuka.

Bambo anayang'ana anthu ochokawo. Kenako anamasula tayi, napendeketsa jekete, nayamba kudzandira. Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo amene ankachoka aja anabwerera.

Akudzandira choncho anafika pamene ndinakhala. Maso awo anali odzaza misozi.

"Yang'ana kumbali, mwanangu," ananong'ona, n'kubwerera pakati pa bwalo.