Tsiku Limene Ndinapita ku Khoti Kukafuna a Phiri

Ndinanyamuka ku Chelstone m'mamawa, nyengo yachisanu, nditasiya ana anga kwa mnansi wathu, Bana Mulenga. M'thumba la pulasitiki ndinaikamo malaya oyera, buluku ndi jekete la amuna anga, a Phiri. Loya ndi amene anandiuza kuti ndibwere nazo. Ndinazisita bwinobwino dzulo lake, ngakhale sindinkadziwa ngati mwini wake adakali moyo.

A Phiri anali mphunzitsi wa pulaimale. Chimene chinawamangitsa ndi mawu amene anayankhula pa maliro a msuweni wawo ku Kabwata. Banja linawasankha kuti anene mbiri ya malemu. M'malo mongoti anadwala, tinayesetsa, Mulungu watenga, iwo ananena kuti msuweniyo anamwalira ali pa benchi kudikira mankhwala amene kunalibe, pamene akuluakulu akadwala chimfine amakwera ndege kukaonana ndi madokotala akunja. Anthu ena anavomera ndi mutu, ena anayang'ana pansi. Patangopita masiku ochepa, amuna ovala zawamba anabwera kusukulu n'kuwatenga ana akuona.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo lamulo linkalola boma kusunga munthu popanda kumuzenga mlandu. Ndinazungulira mapolisi onse amene ndinkawadziwa, yankho n'kukhala limodzi: dzina limenelo kuno kulibe. Miyezi inadutsa. Anzanga akumpingo ankandipatsa moni wothamanga, ngati ndili ndi nthenda yopatsirana. Bana Mulenga okha ndi amene anandinong'oneza za loya wina wochokera ku Luapula, Ba Kapembwa, amene ankatenga milandu imene anzake ankaithawa.

Pa siteji ya basi panali kale mzere wautali, ndi anyamata awiri a chipani ofunsa makadi. Yanga ndinali nayo. Ndinkaisunga monga mmene munthu amasungira ambulera, osati chifukwa choikonda koma chifukwa mvula siuza munthu. Basi inabwera itapendekera mbali imodzi ndi kudzaza. Ndinalipira mangwee makumi anayi n'kupeza kampata pafupi ndi bambo wina wachikulire amene anafungatira batire ya galimoto pamiyendo ngati khanda.

"Muyenda kuti na jekete, amai? Ku ukwati?" anandifunsa.

"Ku khoti."

"Anaba chani?"

"Sanabe. Anakamba chabe."

Bamboyo anatembenukira kuwindo, ndipo mayi amene anaimirira pafupi nafe anayamba kuyang'anitsitsa denga la basi. Tinayenda choncho mu Great East Road, kudutsa yunivesite. Pa Northmead tinapeza mzere wa anthu utatuluka m'sitolo mpaka kumsewu. Mayi uja anatsika basi isanaime n'komwe, kuthamangira kumapeto kwa mzerewo. Sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene chabwera. Nthawi imeneyo munthu unkayamba waima pamzere, kufunsa pambuyo: sopo, mafuta ophikira kapena shuga.

Titafika m'tauni, pafupi ndi msika, bambo wa batire uja ananyamuka movutikira. Podutsa pa ine anaika kathumba ka mtedza wophika pamwamba pa jekete n'kunena chapansipansi, osandiyang'ana, "Mukamupase. Mumuuze alimbe." Ndisanathokoze anali atalowa kale m'chigulu cha anthu.

Ofesi ya maloya inali kuseri kwa Cairo Road, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Masitepe ake anali opapatiza moti munthu wonenepa akanakwera cham'mbali. Ba Kapembwa anali bambo wamfupi, wa magalasi okhuthala, ndipo ndinawapeza akudya banzi ataimirira. Windo limodzi linali lotsekedwa ndi katoni. Ataona kuti ndaliyang'ana anaseka, n'kundipatsa moni wa kwawo.

"Muli shani, mayo? Osadandaula na iyo. Kuli bantu bamatitumila moni na myala."

Anandionetsa mnzawo wa ntchito, Ba Mutinta, loya wamkazi wochokera kumwera, wamtali ndi wosayankhulayankhula. Kenako anandifotokozera mlandu m'mawu osavuta. Lamulo lomwelo limene limalola boma kumanga munthu limanenanso kuti amuuze chifukwa chake molemba, nthawi isanapite. A Phiri sanauzidwe kanthu, banja silinauzidwe kanthu. Choncho iwo anapempha jaji kuti alamule boma kubweretsa munthuyo pamaso pake, aoneke, ndipo lifotokoze chimene likumusungira.

"Nanga akakana?" ndinafunsa.

"Tizabwelanso mailo kukacha. Ise kutopa sititopa."

Kukhoti tinapita pa kagalimoto kawo kakale kobiriwira, Ba Mutinta akuyendetsa. Sikankalira popanda kukankhidwa, ndiye Ba Kapembwa anapinda mkanjo wawo wakuda, kundipatsa kuti ndigwire, iwo n'kukankha mpaka pakona ya msewu.

M'khoti munkazizira ngati m'tchalitchi cha miyala. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo, thumba lili pamiyendo. Jaji anali munthu wathu wakuda, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Dzina la a Phiri litaitanidwa ndinayang'ana kuchitseko cham'mbali kumene akaidi amatulukira. Sichinatseguke. Anaimirira loya wa boma n'kunena zinthu m'Chingerezi, ndipo ine ndinangotolapo mawu ochepa. Ba Mutinta anatembenuka n'kundinong'oneza kuti akuti munthuyo sanabwere naye chifukwa galimoto ya kundende ilibe petulo.

Anthu ena m'khotimo anang'ung'udza monyansidwa. Koma ine ndinamvapo china. Ngati akusowa petulo yomunyamulira, ndiye kuti munthuyo alipo. Ali penapake, ali ndi thupi loti n'kukwezedwa m'galimoto. Kwa miyezi yonse ija palibe wa boma amene anavomerapo zimenezo, ndipo lero zinatuluka zokha m'kamwa mwa loya wawo, monga chowiringula. Ndinakwirira nkhope m'chitenje kuti asandione.

Ba Mutinta anaimirira. Anauza jaji mwaulemu kuti galimoto yawo ili panja, petulo ilimo, ndipo ali okonzeka kuibwereketsa ku boma kwaulere. Jaji anayang'ana loya wa boma nthawi yaitali, kenako analamula kuti wapolisi mmodzi apite nawo, munthuyo akhale ali m'khoti masana omwewo.

Umu ndi mmene ndinapezekera pampando wakutsogolo, jekete lili m'manja, wapolisi akukankha galimoto ya maloya amene akutsutsana ndi mabwana ake. Atalumphiramo, akupuma mofulumira, anati, "Ba loya, muguleko batire."

Ndendeyo sinali kutali. Inali panjira yomweyo yopita ku Kabwata, khoma limene ndinalidutsa kambirimbiri pa basi ndikupita kukafunsa kumapolisi ena. Ine sanandilole kulowa. Ndinapereka zovala kwa Ba Mutinta n'kukhala pamwala kunja kwa geti, pafupi ndi mayi wina wootcha chinangwa pa mbaula. Ndinagula chidutswa cha mangwee khumi. Mayiyo anandithirira madzi m'kapu osandifunsa kanthu. Ndikuganiza kuti anali ataona akazi ambiri atakhala pamwala umenewo.

Dzuwa lili pamutu geti linatseguka. Poyamba ndinazindikira jekete, osati munthu. Linkalendewera m'mapewa ngati lobwereka. Ndevu zinali zitamera mpaka pakhosi, ndipo kumapazi anavala mapatapata osiyana mitundu. Dzanja limodzi linali lomangidwa unyolo ku dzanja la wapolisi. Anaima patsogolo panga akuphethira ndi kuwala.

"Muli bwanji, amayi a Tisa?"

"Tili bwino, kaya inu?"

"Ana?"

"Ali bwino. Wamng'ono wayamba kuyenda."

Anagwedeza mutu. M'galimoto ndinawapatsa mtedza uja n'kuwauza kuti wachokera kwa munthu wa m'basi amene sindikumudziwa dzina, ndipo akuti alimbe. Anayesa kusenda ndi dzanja limodzi, zinakanika. Wapolisi anawasendera, n'kudyako nayenso.

Masana m'khoti munadzaza kuposa m'mawa, chifukwa nkhani ya petulo inali itazungulira m'makhonde. Ba Kapembwa ataimirira anasanduka munthu wina. Nthabwala zonse zinatha. Anafunsa funso limodzi mobwerezabwereza, m'njira zosiyanasiyana: munthu uyu anauzidwa liti chifukwa chomusungira, ndipo anamuuza ndani? Loya wa boma anavundukula mapepala ake, kuwabweza, kuwavundukulanso. Potsiriza anati a Phiri anayankhula mawu oyambitsa chisokonezo pagulu.

Jaji anafunsa kuti mawu ake ndi otani.

Panalibe kothawira. Loya wa boma anawerenga mokweza zonse zimene a Phiri ananena pa maliro paja, za benchi, za mankhwala, za chimfine ndi ndege. Mawu amene anthu ankaopa kuwabwereza ngakhale m'nyumba zawo anamveka m'khoti lonse, owanena n'kukhala wa boma yemwe. Munthu wina kumbuyo kwanga anadzitseka pakamwa kubisa kuseka. A Phiri anangoweramitsa mutu ngati mwana wasukulu amene akumva chimangirizo chake chikuwerengedwa m'kalasi.

Jaji analemba kwa kanthawi, kenako anayankhula. Sindinamve zonse, koma ndinaona wapolisi uja akupisa m'thumba kufuna kiyi wa unyolo.

Ndinafuna kululutira. Ba Mutinta anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndidikire kaye, chifukwa nthawi zina munthu akamasulidwa amakumana ndi pepala latsopano lomumangira pamasitepe a khoti pomwepo. Choncho sitinatulukire kutsogolo. Tinadutsa kakhonde kam'mbali kupita kumene anasiya galimoto, ndipo ulendo uno anaiimika pamalo otsetsereka kuti isafune wokankha. Tikukhota ndinaona amuna awiri a majekete achikopa ataima pamasitepe akusuta fodya. Kaya ankadikira ife, kaya ankangowothera dzuwa, mpaka lero sindidziwa.

Ba Kapembwa anati tisapite ku Chelstone tsiku lomwelo, tikagone kwawo ku Woodlands, ana athu awatumizira uthenga. Tinadutsa Longacres, maofesi a boma akuweruka, anthu akuyenda m'mbali mwa msewu ndi zikwama zawo. A Phiri ankayang'ana chilichonse: njinga, ana a yunifolomu, mayi wosenza mtolo wa repu. Ku Woodlands ndinali ndisanapiteko. Misewu yake inali ya mitengo mbali zonse, nyumba zobisika kuseri kwa mipanda ya maluwa, agalu onenepa kuposa ana a kwathu. Nyumba ya loya wathu ndi imene inali yosapentedwa pamsewu wonsewo.

Akazi awo anatilandira ngati abale. Anatenthetsa madzi osamba, n'kutulutsa buledi ndi tiyi wa shuga weniweni. A Phiri atasamba ndi kumeta anakhala pakhonde atagwira kapu ndi manja awiri. Ba Kapembwa sanatibisire kuti ntchito ya uphunzitsi mwina sibwerera, ndipo sinabwereredi. A Phiri anatha zaka akuphunzitsa ana a anthu m'nyumba mwathu. Koma madzulo amenewo zimenezo sizinandilemere. Ndinakula ndikudziwa kuti lamulo ndi la boma, ife lathu ndi kukhala chete. Tsiku limenelo ndinaona anthu awiri a galimoto yokankha akugwira lamulo lomwelo n'kuuza boma kuti nalonso lilimvere, ndipo linamvera.

Dzuwa likulowa kunamveka kugogoda pageti. Anali mtsikana wa mwana kumsana, fumbi mpaka m'mawondo. Anayenda wapansi kuchokera ku Chilenje mpaka m'tauni, ndipo atapeza ofesi ya maloya yotseka anabwera kuno. Mwamuna wake, woimba gitala m'mabala, anamutenga chifukwa cha nyimbo ina yonena za mtengo wa unga. Ba Kapembwa anamuuza kuti adikire pang'ono atenge cholembera. Mtsikanayo anakana mpando, anakana tiyi, anangoima pakona ya khonde maso ali kugeti.

Ndinamuyandikira n'kumuuza kuti nanenso amuna anga anawatenga, ndipo kwa miyezi sindinkadziwa kumene ali.

"Manje banabwela?" anafunsa.

"Ndi awo akumwa tiyiwo."

Anawayang'ana a Phiri nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata aja. Kenako anamasula chitenje, kutsitsa mwana, n'kukhala pansi pafupi nane. Nditamupatsa kapu, analandira.