Chikasu cha a Neneratu

Ana asukulu adawapatsa dzina loti a Neneratu, ndipo eni ake sadalikane. Chiyambire kuphunzitsa kemisitiri, lamulo lawo m'labotale lidali limodzi: usanasakanize mankhwala awiri, nena kaye chimene chituluke.

"Ndi msinthano chabe," ankatero. "Uyu asiya mnzake natenga wa winayo. Koma naitireti musamugawe! Naitirojeni mmodzi ndi maokosijeni atatu amasamuka pamodzi, ngati nkhuku ndi anapiye ake."

Atakalamba, ng'ala idayamba kuwaphimba maso. Sadauze munthu kupatula mkazi wawo, amene ankadwala miyendo m'nyumba ya sukulu. Nyumbayo inkayendera ntchito: ntchito ikatha, makiyi abwezedwe. Choncho adaloweza alumali yonse. Botolo lililonse lidali ndi malo ake, dzanja linkalipeza lokha. Zotuluka m'chubu sankafunika kuziona, ankazidziwa kale.

Pa tchuthi kudabwera amisiri opaka penti. Adatsitsa mabotolo onse nawabwezera mwaudongo ndithu, koma mmene adaonera iwo.

Sukulu itatsegulidwa, a hedi adalowa m'labotale nakhala kumbuyo. Mphekesera za maso a mphunzitsiyo zidali zitawafika.

"Ledi naitireti ndi potaziyamu ayodaidi," adatero a Neneratu. "Iwe wogona pazenera, chituluke n'chiyani?"

"Sindikugona, aphunzitsi, ndikuganiza."

"Ganiza mokweza."

"Ledi ayodaidi, wachikasu, wosasungunuka. Potaziyamu naitireti atsala m'madzi."

"Wapulumuka lero."

Adatenga botolo la pakona, pamene ledi ankakhala zaka zonsezi, nathira m'chubu momwe mudali kale potaziyamu ayodaidi. Adachikweza m'mwamba.

"Onani chikasucho! Chikutsikira pansi pang'onopang'ono."

Ana adayang'anana. M'chubumo mudali moyera ngati madzi akumwa.

"Kumbuyoko mukuona?"

"Tikuona, aphunzitsi," adanama mtsikana wina.

A Neneratu adamva mpando ukukhwekhwereza, kenako nsapato zikubwera. A hedi adanyamula botololo naliyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo," adatero chapansipansi, "mundiwerengere zalembedwa apa."

A Neneratu adaliyandikiza kumaso. Adangoona chifunga.

"Werengani inu, a hedi."

"Sodiyamu naitireti."

A Neneratu adatembenukira kwa ana.

"Ndiye lembani. Sodiyamu ayodaidi ndi potaziyamu naitireti, onse amasungunuka. Palibe chotsikira pansi." Adaika chubu pamalo pake. "Mwana wanga amene wati waona chikasu, usadzachitenso."

Atawaitanira ku ofesi, sadakhalitseko. A hedi adalankhula mwaulemu za zaka zambiri za utumiki, za mankhwala oopsa pafupi ndi ana, ndi za mphunzitsi watsopano amene adzafuna pogona mwezi ukatha.

Kunyumba adapeza mkazi wawo atakhala pampando wa pakhomo, miyendo yotupa ili pa kabenchi.

"Mwaweruka msanga, bambo a ana. Kwagwanji?"

A Neneratu adavula jekete naipachika pa msomali, osauphonya.

"Makatoni aja tidabwera nawo," adafunsa, "adakalipo?"