Tambala amene sanachinjidwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinaonera, pa kanema wa m'sitolo ina ku Old Town, anthu akuphedwa kudziko lakutali. Ophawo ankati akuchita zimenezo m'dzina la Chisilamu. Kusukulu anzanga anaweruza msanga: "Onsewo ndi amodzi."

Kwathu tinali Akhristu, koma nkhuku sitinkapha tokha. Tinkapita nayo kwa Che Saidi, telala woyandikana nafe nyumba, kuti aichinje mwa Chisilamu, iwo ndi banja lawo athe kudya nafe. Loweruka limenelo amayi anandituma ndi tambala. Nditawaona Che Saidi poteropo akunola sizasi, ndinabwerera m'mbuyo. Ndinakhotera kuseri kwa msika, n'kubwereka mpeni kwa wokazinga tchipisi, tambalayo n'kumudula ndekha.

Masana Che Saidi anabwera, nasamba m'manja. Amayi akupakula mpunga anati, "Zikomo potichinjira, achimwene."

Che Saidi anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Achemwali, lero m'mimbamu simuli bwino. Mungondipatsa nyemba."

M'mawa mwake anandiitanira pakhonde pomwe ankasokera. Pankamveka fungo la nsalu yotentha ndi simbi yamakala.

"Unandiopa, mwanawe?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Anthu a pa kanema aja sindiwadziwa, ndipo sanandifunse. Koma taona, andichotsa pamphasa ya bambo ako."

Sanandinenere. Moni ankatipatsabe, yunifolomu ankatisokerabe, koma nyama ya kwathu sanaidyenso mpaka tinasamukira ku Area 47.

Mkazi wanga Halima anali Msilamu. Anamwalira chaka chatha dzuwa likutuluka, ndipo pofika madzulo abale ake anali atamusambitsa, atamukulunga m'nsalu yoyera, atamuika. Ine ndinangoima pomwe anandiuza kuti ndiime. Anandisiyira mwana wamkazi wa zaka zinayi, amene amakonda kufunda kumutu mpango wa amayi ake. Sabata yatha mnzanga wa kuntchito ku City Centre anamuona atafunda, naseka: "Aise, ukulera kabomba?"

Ku koleji tinkakangana za komwe zigawenga zimenezi zidzalifikitse dziko. Lero ndikuona kuti nyumba zimene zigawengazo zimagumula zimamangidwanso. Chotsalira ndi mantha, ndipo ntchito yawo timaipitiriza ndi ife, pa anthu amene sanatilakwire.

M'galimoto mwanayo anandifunsa, "Adadi, kabomba n'chiyani?"

Ndinamukonzera mpango uja, chifukwa unali utapendekeka.