Kutuluka Msanga kwa a Lexon

A Lexon Chikuse anali kalaliki ku Capital Hill zaka zimene boma linali litangosamukira ku Lilongwe. Anali ndi tebulo lawolawo, tayi wakuda ndi nyumba ya boma, ndipo abale awo ku Nsaru ankayenda mapewa ali m'mwamba. Kenako m'chaka cha 1978 munthu uja anavula tayi, nabweza makiyi a nyumba, nati Mulungu wawaitana kuti akatumikire achinyamata. Panalibe mpingo umene unawalemba ntchito, panalibenso mzungu wowalipira. Anzawo akafunsa kuti nanga azidya chiyani, iwo ankangomwetulira ndi kuyankha kuti amene waitana ndiye adzadyetsa.

Anasamukira m'kachipinda kuseri kwa shopu ya a Hamdani, telala wa Chisilamu wa pafupi ndi msika wa ku Old Town. Lamulo limene anadziikira linali lakuti sadzapempha kanthu kwa munthu, koma kwa Mulungu yekha. Chakudya chinkabweradi. Komabe tinene chilungamo: masiku ambiri chinkabwera chili pamutu pa akazi awo, a Evelina, amene anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi mumsika. A Lexon ankathokoza kumwamba, a Evelina n'kuyankha ameni akusisita khosi.

Ana amene a Lexon ankawafuna sanali a kusekondale ovala nsapato zowala. Ankafuna ana a kumayadi, aja amene amatengedwa kumudzi asanamere ndevu kuti azikadula kapinga, kutsuka galimoto ndi kulera ana a mabwana kuseri kwa mipanda ya ku Area 10. Ankayenda wapansi kuwoloka mlatho wa Lilongwe, kupyola City Centre, dzuwa likuwaphika, ndi kugogoda geti ndi geti. Agalu a kumeneko anawadziwa msanga kuposa eni nyumba. Madona ambiri ankawabweza ndi dzanja ngati wogulitsa makala, koma ena ankalola kuti mwana azipita Lamlungu masana, ntchito ikatha.

Ankakumana kuseri kwa shopu kuja, pamatabwa osanjika pa njerwa. Kulalikira a Lexon sankakudziwa, zimenezo sitingabise. Ankayambira kum'mawa n'kukathera kumadzulo, ana akuwodzera. Mphatso yawo inali makutu. M'zaka zimenezo mwamuna ankayamba wayang'ana pawindo asanayankhule ndi mkazi wake yemwe, koma pamatabwa aja ana ankatulutsa zakukhosi. Kenani, mnyamata wodula kapinga, anaulula kuti amaba shuga, ndipo ankatengera mayendedwe a anyamata ogulitsa makadi a chipani mpaka anzake kugwa ndi phwete. Marcelina, mtsikana wolera ana, anayembekezera kuti ena achoke, n'kunena kuti adona akapita ku Blantyre, abwana amagogoda pachitseko chake. Ana onse ankawaitana a Lexon kuti achimwene, ndi kuwaseka chifukwa cha nsapato zawo zoyasama. A Lexon ankawakonda ana amenewa, ndipo kukhulupiriridwa ndi anawo ndiko kunali chuma chokha chimene anali nacho.

Tsiku lina m'mawa panaima galimoto pakhomo pa shopu, ndipo amuna awiri a majekete anafunsa za mkulu wosonkhanitsa ana. Winawake anali atanena kuti a Lexon amaitana achinyamata pa nthawi ya misonkhano ya chipani, ndipo palibe akudziwa zimene amawaphunzitsa. Anawakweza osawalola ngakhale kusintha malaya. A Evelina analira ngati pamaliro, ndipo sanalakwe. Wolowa galimoto yotere ankapita zaka, ena osabwererako.

Kumene anawatengerako anawamenya makofi, ndi kuwafunsa amene anawatuma komanso amene amawalipira. Iwo ankangoyankha kuti Mulungu. Khadi la chipani analipeza m'thumba mwawo, ndipo dzina lawo silinkadziwika kwa wina aliyense wofunika. Mkulu wa pamalopo atawamvetsera pang'ono anayasamula nati, "Uyu ndi wopepera chabe, akungotithera chakudya. Mutulutseni." Sabata isanathe a Lexon anali panja.

Anadutsa mumsika akuimba, tsaya litatupa, akuuza aliyense kuti Mulungu watsegula chitseko cha chitsulo. Sanaone kuti amayi a tomato akuwerama, ndi kuti nkhani zikuduka paliponse pamene afika. Lamlungu anasesa pabwalo, nakonza matabwa, nakhala. Sipanabwere ndi mwana mmodzi yemwe. Lamlungu linalo zinali chimodzimodzi.

A Hamdani ndiwo anawatsina khutu. Anaimitsa makina, nayang'ana kumsewu, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"A Lexon, ndinu mnansi wanga, ndikuuzeni. Munatuluka msanga."

"Si ndicho chozizwitsacho, a Hamdani?"

"Kwa inu. Wosoka nsapato wa pakona anatengedwa inu musanatengedwe, mpaka lero mkazi wake sadziwa kumene ali. Anthu akuti chitseko chimene chija sichitsegukira munthu wamanja lende. Akuti munagulitsa mayina, tsopano ndinu kapirikoni, kazitape wa boma. Ndipo ana aja akukumbukira zonse zimene anakuuzani."

A Lexon anaseka, chifukwa bodzalo linali lopusa kwambiri moti sanalione kuopsa kwake. Anaganiza kuti ana akangowaona nkhope zonse zitha. Mawa lake anavala nsapato zawo zija n'kuyambanso ulendo wa kumayadi, geti ndi geti, kuitana mwana aliyense ndi dzina lake. Apa ndipo anadzikumbira dzenje. Munthu amene akuganiziridwa kuti ndi kazitape akaima pageti pako n'kutchula dzina la wantchito wako, umadziwa chochita. Madona omwe aja amene ankawabweza ndi dzanja anatuluka okha, manja ali pamodzi. "Abwera, bwana. Abwera ndithu, musavutike."

Lamlungu lotsatira matabwa sanakwane. Panabwera ngakhale ana amene a Lexon sanawaonepo, otumizidwa ndi mabwana awo. Mtima wa a Lexon unadzaza, nathokoza Mulungu mokweza. Koma nyimbo itatha anayamba kuona zachilendo. Ana anakhala mowongoka, manja pamaondo. Anyamata anaika makadi awo a chipani m'matumba a malaya, nsonga ikuonekera. Ulaliki unatalika monga mwa masiku onse, koma panalibe wowodzera. Atafunsa ngati pali wina ali ndi chomuvuta choti apempherere, Kenani, yemwe uja wa nthabwala, anaimirira ngati ali pamzere wa kusukulu.

"Tilibe vuto lililonse, bwana. Tingothokoza chifukwa cha mtendere umene tili nawo m'dziko muno."

"Kenani, ndine yemwe uja. Ndine achimwene ako."

"Inde, bwana."

Chakudyanso chinayamba kubwera chokha. Pakhomo pankapezeka shuga, mpunga, tsiku lina nkhuku yomangidwa miyendo, popanda wonena kuti yachokera kwa yani. A Lexon anati nthawi ya chilala yatha. A Evelina anaiyang'ana nkhukuyo, nati, "Bambo, iyi si ya Mulungu, ndi ya mantha. Mumsika ndikakhala pansi anzanga amasuntha madengu." Anaiphika ndithu, pakuti njala inalipo, koma palibe anaimva kukoma.

Chimene chinawapweteka koposa chinali cha Marcelina. Patapita miyezi anayamba kumanga chitenje m'mwamba, nkhope itatuwa, ndipo munthu wamaso sakanafunsa. A Lexon anamuimitsa pamene ena ankatuluka.

"Mwana wanga, zija unandiuza zija, kodi zinapitirira? Tiye tikauze amayi ako. Akazi anga akuperekeza."

Mtsikanayo anagwada, maso ali pansi. "Sindinanene kanthu ine, bwana. Abwana anga ndi anthu abwino kwambiri. Chonde musawatchule kulikonse."

Sanabwerenso. Mlonda wa pageti paja anangoti anamukweza basi yopita kwawo.

A Lexon anayesa chilungamo. Anaima pamaso pa ana n'kufotokoza zonse: makofi, kuyasamula kwa mkulu uja, ndi mawu akuti wopepera. Anadzivula ulemu wonse, misozi ikutsika. Ana anagwedeza mitu mwaulemu, chifukwa kazitape akanenanso chiyani china? Anasala kudya, anapemphera, ndipo m'mapemphero ena anafika pofunsa Mulungu chifukwa chimene sanawasiye m'kati muja chaka chimodzi kapena ziwiri. Yankho silinabwere. Anali atasiya tebulo ndi nyumba kuti ana opanda owamvera apeze khutu, ndipo tsopano iwo ndiwo anali chinthu chimene anawo ankachiopa kwambiri pa sabata yonse. Anatopa, ndipo anataya mtima.

Pomaliza anaganiza zowamasula. Lamlungu lina m'nyengo ya dzinja anatseka msonkhano ndi mawu awa: "Ana anga, sindifuna munthu wobwera kuno chifukwa cha mantha. Sindidzafikanso pamageti anu. Amene sakufuna asabwere, palibe chimene chidzamuchitikire. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu." Ana anayang'anana chamumbali, n'kutuluka mwakachetechete. A Lexon anamva kupepuka pang'ono. Ngakhale atabwera awiri okha, akhala awiri enieni.

Lamlungu lotsatira mvula inayamba m'mawa, ya mkokomo, ngalande za mumsika zikusefukira. A Lexon anakhala m'nyumba osakonza n'komwe matabwa. Masana a Evelina anasuzumira pampata wa chitseko, n'kucheukira amuna awo. A Lexon anadzuka kukaona okha.

Ana anali atabwera onse. Anayenda wapansi mumvula kuchokera kumayadi, anasanjika matabwa okha, ndipo anakhala mowongoka, madzi akuyenderera m'makosi mwawo. Palibe anathawira pakhonde, palibe ankayankhula ndi mnzake. Mawu a sabata yatha anawamva ngati msampha woyesera amene ajombe.

A Lexon anagwira chitseko. "Sindituluka. Akaona kuti kulibe munthu, apita."

"Sapita," anatero a Evelina. "Akhala pamenepo mpaka kude, mawa adwale. Tulukani, bambo. Muwayang'ane mmodzimmodzi, aliyense adziwe kuti mwamuona. Mukatero ndiye azipita."

A Lexon anatsegula chitseko n'kutuluka mumvula, ndipo ana onse anaimirira.