Amuna Anga, Mowa ndi Msewu wa ku Dar es Salaam

Chizindikiro choyamba chinaonekera m'manja. M'mawa wina mwezi wa Juni, amuna anga, a Yotamu Zulu, anakanika kumanga mabatani a malaya awo akuntchito. Zala zinkanjenjemera ngati za nkhalamba, chonsecho anali asanakwane zaka makumi anayi. Ndinawamangira ndine. Anati n'kuzizira, ndipo ndinavomera, pakuti Juni wa mu Lusaka amaziziradi.

Tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya khonsolo, ndi ana athu atatu. Iwo anali dalaivala wa boma, ankayendetsa mabwana a m'maofesi a ku Longacres. Ine ndinkagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pamsika. Zinali zaka zija sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkasowa, moti tinkaima pamzere tisakudziwa n'komwe chimene chafika m'sitolo. Kachasu yekha ndiye sankasowa.

Amuna anga ankamwa kuyambira pamene tinakwatirana, koma sanali aphokoso kapena andewu. Ankafika kunyumba, kukhala pampando wawo, n'kumangoyang'ana khoma. Tulo tawo tinali toipa. Ankadzidzimuka thukuta lili kamukamu, ndipo ndikafunsa chimene alota ankati aiwala. Ndinazolowera kuti ndi mmene analengedwera.

Pofika Ogasiti anasiya kudya bwino. M'mawa uliwonse ankasanza, ndipo ankadandaula kuti mapazi akuotcha ngati aponda makala. M'thumba la jekete ndinapezamo botolo la mankhwala a chifuwa, koma munali kachasu. Ndinazindikira kuti akamwako pang'ono m'mawa, manja ankasiya kunjenjemera. Achibale anati wina wakuntchito wawachitira nsanje, ndiye tinataya milungu yambiri tikufukiza zitsamba. Za kuchipatala sitinaganizeko, chifukwa mowa tinkauyesa khalidwe chabe, osati matenda.

Mu Okutobala ndinawapempha ndikulira kuti asiye. Anandimvera, anasiyiratu tsiku lomwelo. Sindinkadziwa kuti chimene ndinapemphacho chikanatha kuwapha. Lamlungu lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anali pakhonde ndipo anayamba kudzisasa m'mikono, akuti nyerere zawakwera. Kenaka analoza mpanda n'kunena kuti ukuyaka, tichotse ana. Panalibe nyerere, panalibe moto. Posakhalitsa anagwa pansi, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa.

Amene anatithandiza ndi bana Chanda, mayi wa ku Luapula amene tinayandikana naye nyumba. Anangowayang'ana kamodzi.

"Bana Dalitso, iyi si ya pa nyumba," anatero, akunditchula ndi dzina la mwana wanga monga amachitira kwawo. "Tiyeni ku chipatala manje manje, osachedwa. Ana nizasunga ine."

Anathamanga n'kukaimitsa galimoto yonyamula makala, ndipo ndi imene inatifikitsa kuchipatala chachikulu.

Kumeneko anawalowetsa mwamsanga, ine n'kutsala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Anawaika diripi, n'kuwabaya jakisoni wogonetsa ndi wina wobwezera mphamvu m'thupi. Masiku oyamba sanandizindikire. Ankanditchula dzina la munthu wina, Lameki, limene ndinali ndisanalimvepo. Dokotala wa m'wodimo anandiuza kuti munthu amene thupi lake linazolowera mowa sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda mankhwala, chifukwa ena amafera pomwepo. Anati akapezako bwino awatumiza kuchipatala cha matenda a maganizo, chakum'mawa kwa mzinda.

Mawu amenewo anandilasa mtima. Malo aja tonse tinkawatchula kuti kwa amisala, ndipo ana ankaopsezana nawo. Ndinkaganiza kuti ndikapeza maunyolo ndi kukuwa. Tsiku limene ndinapitako koyamba ndinaima pachipata kwa kanthawi. Nditalowa ndinapeza mitengo ya maluwa, njira zosesedwa bwino, ndi azibambo akuthirira kabichi m'dimba. Mmodzi mwa iwo anandilonjera mwaulemu n'kundilozera kuwodi. Pambuyo pake ndinamva kuti nayenso anali wodwala.

Namwino woyang'anira wodi ya amuna anga anali bambo wina wodekha, a Mwanza. Anandikhazika pansi n'kuyamba kundifunsa mafunso amene ndinadabwa nawo. Anafuna kudziwa chakudya chimene a Zulu amakonda, anthu amene amacheza nawo, ngati amapemphera, masewera amene ankakonda ali mnyamata, ndi ntchito imene ankagwira tisanakwatirane. Ambiri mwa mafunsowo ndinalephera kuyankha, ngakhale ndinali nditakhala nawo zaka zoposa khumi. Pomaliza anandifunsa kuti, "Nanga inuyo amayi, mumagona bwanji? Mumadya?"

Chiyambire matendawa panalibe amene anandifunsapo zimenezo. Ndinalira pamaso pa munthu wachilendo. Anandisiya mpaka nditatonthola.

"Mowa tiuchotsa m'magazi, imeneyo si ntchito yaikulu," anatero. "Koma tikangochotsa mowa n'kusiya chimene chinkawamwetsa, adzabweranso kuno. Tiyenera kuona thupi, maganizo, banja ndi ntchito, zonse pamodzi. Inunso muli m'gulu la ofunika chithandizo."

Moyo wa kumeneko unali ndi dongosolo lake. M'mawa ankalandira mapiritsi, amene ankawachepetsa pang'onopang'ono, kenaka phala la nsinjiro. Akatha kudya ankapita kudimba kapena kokhoma matabwa. Masana ankakhala m'bwalo ndi anzawo amene anabwera ndi vuto lomwelo, aliyense n'kumafotokoza zake, a Mwanza akumvetsera. Munali mphunzitsi, wapolisi, ngakhale bwana wina wa ku Kabulonga, onse ovala zofanana. Ine ndinkapita Lachitatu ndi Lamlungu. Mabasi anali ovuta, ndipo nthawi zina ndinkadikira m'tauni theka la tsiku, nthochi ndi mtedza zili m'mbale. Akazi a odwalafe tinalinso ndi tsiku lathu lokhala ndi namwino. Kumeneko ndinaphunzira kuti si ine ndinawamwetsa, ndiponso kuti sindikanatha kuwachiza ndekha.

Mapazi anasiya kuotcha. Masaya anayamba kubwerera. Koma kudzidzimuka kutulo sikunathe, ndipo m'bwalo lija amuna anga sankayankhula. Ankangokhala, manja ali m'maondo.

Chakumapeto kwa Novembala, mvula itayamba, anandiitana kuti ndikakhale nawo pokumana ndi dokotala. Anali mayi wamng'ono thupi, wosafulumira kuyankhula. Anandiuza kuti a Zulu ali ndi mawu amene akufuna kuti ndimve, ndipo anawapempha kuti ayambe akakonzeka. Mvula inali ikugunda malata. Kenaka amuna anga anayamba kufotokoza.

Dziko litangolandira ufulu, mafuta anasiya kubwera kudzera kumwera, ndipo malole ankakatenga petulo m'migolo ku Dar es Salaam. Zoti anayendapo msewu umenewo ndinkadziwa, koma sanandiuzepo kanthu. Ankayenda awiri, kusinthana chiwongolero, iwo ndi mnzawo Lameki. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, pamtsetse wina wa m'mapiri, lole inaterereka m'matope n'kugubuduka. Amene ankayendetsa ndi amuna anga. Iwo anaponyedwa kunja, koma Lameki anapanikizika miyendo. Petulo anali akutayika. Amuna anga anamukoka mpaka malaya ake anang'ambikira m'manja mwawo, ndipo moto utabuka anathawa. Lameki ankawaitana dzina. Patangopita sabata imodzi kampani inawapatsa lole ina, chifukwa dziko linkafuna mafuta. Kumaliro sanapiteko, ndipo mowa anauyamba pa ulendo wotsatirawo kuti apeze tulo.

Munthu amene ndinkamuyalira pogona, amene ndinamubalira ana, anasenza moto umenewu zaka zonsezi ali yekha, ine ndikuyesa kuti ndi munthu wosakonda kuyankhula. Dokotala sanawauze kuti aiwale. Anangoti, "Munamukoka mpaka pamene munthu angathe. Nkhaniyi muifotokozenso mawa, ndi mkuja, mpaka idzasiye kukuotchani."

Anachitadi zimenezo, kwa dokotala, m'bwalo la anzawo, ndi kwa abusa amene ankabwera kudzacheza ndi odwala. A Mwanza anandiuza kuti usiku ayamba kugona mpaka kucha.

Anatuluka Khirisimasi itayandikira. Ntchito ya boma inatha, chifukwa munthu amene anakomokapo chotero sankaloledwanso kuyendetsa galimoto. A Mwanza anatichenjeza kuti kukhala manja lende n'koopsa, ndipo anati tipeze malo amene a Zulu angagwire ntchito pakati pa anthu osamwa. Ndinaganiza za Che Saidi, Msilamu wochokera ku Mangochi, amene ankakhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika wathu. Ndinawafotokozera zonse, osabisa ngakhale za kuchipatala kuja. Anangoti, "Abwere. Nyundo ilipo."

Chimene sindinaganizire n'chakuti mbaula zinkapangidwa ndi migolo yakale ya mafuta. Tsiku loyamba amuna anga ataona mulu wa migolo ndi kumva fungo lake, anatembenuka n'kubwerera kunyumba. Ndinaganiza kuti zonse zagwa. Titapita kukaonana ndi dokotala, anati asakakamizidwe, koma asathawenso. Choncho sabata yoyamba ankangokhala pamthunzi patali, akuwongola mawaya a zogwirira ndowa. Che Saidi sanafunse chifukwa. Tsiku lililonse ankangosendeza benchi lawo pang'ono kufupi ndi migolo. M'mawa wina ndili pa tomato wanga ndinamva kulira kwa nyundo kosiyana ndi kwa Che Saidi, kolemera ndi kosathamanga. Ndinasuzumira kuseri. Amuna anga anali atakhalira mgolo, tchizulo m'manja, akuudula pakati. Ndinaima pomwepo mpaka wogula wina anachita kundigwedeza.

Sindinganame kuti njira inali yosalala. Chaka chotsatira, pamaliro a amalume awo, anawapatsa chikho cha mowa ndipo anamwa masiku awiri. Ulendo uno sitinabise ndipo sitinachedwe. Lolemba m'mawa anandiuza okha kuti tikwere basi. Ndinkaopa kuti a Mwanza atikalipira, koma anangowagwira dzanja n'kunena kuti, "Mwabwera msanga, ndiye kuchira kumeneko. Tiyeni tione chimene chinakupunthwitsani." Anagonako masiku ochepa chabe.

Atatuluka anandiuza kuti patsala chinthu chimodzi. Anali atafufuza n'kumva kuti mkazi wa Lameki amakhala ku Chelstone kwa mchimwene wake. Tinapita Loweruka, titanyamula mbaula imodzi yatsopano. Mayiyo anatilandira pakhonde osatidziwa. Amuna anga anagwada, anatchula dzina lawo, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira, osachotsapo ngakhale za kuthawa kuja. Mayiyo anamvetsera osaphethira. Amuna anga atamaliza, mayiyo anati kampani inangomutumizira uthenga wakuti mwamuna wake wafa pangozi, ndipo zaka zonsezi ankadzifunsa ngati panali munthu pafupi naye.

"Ndiye kuti sanali yekha," anatero. "Panali amene anamugwira. Nyamukani bambo, khalani pampando."

Anaitana mwana wake wamwamuna, amene anabadwa bambo ake atamwalira kale, kuti adzamve za atate ake kwa munthu amene anawadziwa. Amuna anga anamufotokozera mmene Lameki ankaimbira poyendetsa, ndi mmene ankaopera achule. Anaseka onse awiri. Aka kanali koyamba kuti ndimve amuna anga akuseka mokweza, ndipo ndinachita kuwayang'ana ngati mlendo.

Lero papita zaka zambiri osalawa mowa. Ali ndi msasa wawo pamsika, ndipo Che Saidi atakalamba anawasiyira makasitomala awo. Zala za kumapazi zinatsala zadzanzi pang'ono, ndipo mvula yoyamba ikagwa amakhala ndi masiku osowa tulo. Zikatero amandiuza, timakhala pansi n'kukambirana, ndipo zikapitirira amapita kukaonana ndi adokotala. Mwezi uliwonse amapitanso kuchipatala kuja kukakhala m'bwalo ndi odwala atsopano. Mpaka pano ndimazizwa kuti munthu amene ndinamuona akugalagata pakhonde, wosadziwa ngakhale dzina langa, ndi yemweyu amene amadzuka m'mamawa kukatsegula msasa, zidzukulu zikumukangamira m'miyendo.

Kwa inu amene muli ndi wanu wotere m'nyumba, musadikire kuti agwe. Mukaona manja akunjenjemera m'mawa, chakudya chikukanika, tulo tikusowa, pitani naye kuchipatala, ndipo musamuumirize kusiya yekha kunyumba monga ndinachitira ine. Musaope chipata chija chifukwa cha dzina limene anthu anachipatsa. Mankhwala amwe, koma mufunenso anthu amene angamufunse chimene chikumupweteka n'kukhala ndi nthawi yodikira yankho. Ine ndinakwatiwa ndi a Zulu ndili mtsikana, koma ndinawadziwa pamene anachira.