Mutu wa Galu pa Chiliza cha a Zimba

A Ezekiel Zimba anabadwira ku Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo analowa usilikali ndevu zisanamere bwino. Nkhondo ya m'dziko loyandikanalo itayamba kusefukira m'midzi ya kwawo, iwo anali m'gulu lolondera malire. Tsiku lina anasenza mnzawo wovulala, a Gilson Lungu, kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, iwonso a Zimba chipolopolo chili m'ntchafu. Anatuluka ntchito akutsimphina, opanda mendulo, opanda ngakhale chithunzi chimodzi cha usilikali, nakakhazikika ku Chunga, mumzinda waukulu wa dzikolo, ndi mkazi wawo ndi ana awiri, Spencer ndi Regina.

Dziko limene analiikira moyo pachiswe linawathokoza ndi geti la munthu wolemera ku Kabulonga. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali mlonda, kutsegulira magalimoto, kukalipidwa ndi tiana timene tinkawaitana ndi dzina ngati mnzawo wosewera naye. Zinkawachititsa manyazi. Pakhomo ankachoka atavala jekete, yunifolomu ili m'pulasitiki, ndipo ana ankauzidwa kuti atate akugwirabe ntchito ku maofesi a asilikali. Amayi atamwalira, Regina anadziwa zoona, pakuti ndiye ankachapa yunifolomuyo ndi kuiyanika kuchipinda m'malo mwa pachingwe. Atatewo anamulumbiritsa kuti Spencer asadzamve.

Chaka chitatha a Zimba ali m'manda, Spencer, amene tsopano ali ndi nyumba ya mpanda ku Woodlands, anakonza chiliza osafunsa munthu. Anapeza kachithunzi ka atate ali m'yunifolomu m'Baibulo lawo, nakachita kumatitsa pamwala. Regina anachiona pafoni Lachinayi, mwambo wovundukula chiliza uli Loweruka. Mtima unamuwawa ngati wamwa tsabola, ndipo anamuimbira Spencer nthawi yomweyo.

"Ba Spencer, mwaika chani pa mwala wa batate?"

"Si baoneka bwino? Msilikali weniweni!"

"Chosani chithunzi icho."

"Iwe, mwala ni mwala, sufufutika monga vapafoni. Vuto yako, mabuku yanakupasa mikangano. Chalakwa ni chani?"

Regina anadula foni. Akanena, aphwanya lumbiro. Akakhala chete, bambo ake aimirira mpaka muyaya atavala chovala chimene anachibisa moyo wawo wonse.

Loweruka kumanda kunadzaza. Apongozi a Spencer anafika pa magalimoto atatu, ndipo a Gilson anafika pa basi kuchokera ku Chadiza, atatsamira ndodo. Abusa atapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa, amayi a chigwirizano nayamba nyimbo. A Gilson anavala magalasi, nawerama pamwalapo nthawi yaitali mpaka nyimbo inazilala yokha.

"Mwana wanga," anatero kwa Spencer, "ine ndi atate ako tinadyera mbale imodzi zaka zisanu ndi zinayi. Mutu wa galu uli pachipewa apawu ndi wa asilikali a dziko liti?"

Spencer anaseka pang'ono. "Kapena ni gulu yapadela, ba ankolo."

"Gulu lapadera la chiyani? Yunifolomu iyi ndi ya alonda a pageti. Munthu anandisenza tsiku lathunthu magazi akuchucha, inu mwamuveka galu?"

Anthu anayang'ana pansi. Spencer anatembenukira kwa mlongo wake. Regina anaona kuti chinsinsi chatha kale, ndipo chimene chatsala ndi kusankha woti asenze manyazi.

"A Lungu anena zoona," anatero mokweza, kuti ndi apongozi omwe amve. "Atate anali msilikali, kenaka anali mlonda ku Kabulonga, ataimirira ndi mwendo wa chipolopolo. Anandipempha kuti ndisanene, ndipo andikhululukire. Koma wochita manyazi asakhale iwo. Achite manyazi amene anawatuma kumalire n'kuwaiwala."

Spencer anamukokera pambali. "Mawa nizaitana bamene banamata chithunzi, bachose."

"Lachinayi munakana. Lero anthu aona, chikhale. Pansi pake mulembetse zaka za usilikali, ndi dzina la munthu amene anamusenza."

"Manje iwe, zaka zonse izi, sunaniuze chifukwa chani?"

Regina anamuyang'ana, nakonza chitenje chake.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ba Spencer. Munawafunsapo tsiku limodzi kuti ofesi yawo ili mumsewu uti?"